Mpira wokha sulera mwana

Awerengi, sabata ino ndikutengerani kutsidya kwa nyanja yamchere, ku Australia, kuti tikaone momwe anthu akumeneko akuthandizira ana a eni nthaka kuchita masewero. Ndikudziwa wina afunsa kuti za ku Australia zikutikhudza bwanji ife amene ana athu akumenya chikulunga pafumbi. Dziko limenelo lili ndi ndalama zomwe ife tilibe, ndipo kwa zaka zambiri lakhala likuyesa njira zosiyanasiyana. Zina zaphula kanthu, zina zangodya ndalama. Munthu wopanda ndalama zoyesera amapindula akamayang'anitsitsa pomwe mnzake waterereka ndi pomwe wadutsa bwino.

Eni nthaka amene ndikunena ndi Aaborijini pamodzi ndi anthu a pa zilumba za Torres Strait. Makolo awo akhala kumeneko zaka zoposa 50,000, ndipo ndi mitundu yambirimbiri, uliwonse ndi chiyankhulo chake. Angerezi adafika mu 1788 n'kuyamba kulanda malo, ndipo mfuti ndi matenda achilendo zidapulula anthu osawerengeka. Kalembera wa 2021 adapeza eni nthaka 812,728, kutanthauza anthu atatu okha mwa 100 alionse. Kuno kwathu atsamunda adabwera n'kupita, dziko n'kutsala m'manja mwathu. Kumeneko obwerawo adakhazikika n'kuchuluka, mwini mudzi n'kusanduka wopempha pokhala pakhomo pake pomwe.

Pali chilonda china chomwe sichidapolebe. Kuyambira cha m'ma 1910 kufika m'ma 1970, maboma a m'dzikomo ankalanda ana a Aaborijini, makamaka a khungu loyererako, n'kukawalera m'mamishoni, m'nyumba za boma kapena kwa azungu, kutali ndi amayi awo ndi chiyankhulo chawo. Boma lidapepesa pa 13 Febuluwale 2008 kudzera mwa nduna yaikulu Kevin Rudd. Mbiri imeneyi ikukhudza masewero mwachindunji. Mlendo akafika m'mudzi lero pagalimoto yonyezimira n'kunena kuti mwana uyu ali ndi luso, tipite naye kumzinda, agogo a mwanayo amakumbukira galimoto zina zomwe zidapita ndi ana osabwerera nawo.

Luso lokha silidasowepo pakati pawo. Timu yoyamba ya kiriketi yochokera ku Australia kukasewera ku England, mu 1868, idali ya Aaborijini, ambiri mwa iwo antchito a m'mafamu a kumadzulo kwa chigawo cha Victoria. Idasewera magemu 47, kupambana 14, kugonja 14, otsalawo kufanana mphamvu. Mmodzi wa osewerawo adadwala n'kufera komweko. Chaka chotsatira, mu 1869, Victoria idakhazikitsa lamulo lopatsa boma mphamvu yosankha komwe Mwaborijini aliyense azikhala. Padapita zaka 120 timu ina ya Aaborijini isanabwererenso ku England.

Tamvaninso za Evonne Goolagong. Adabadwa mu 1951, wa mtundu wa Wiradjuri, ndipo adakulira m'katauni ka Barellan komwe banja lawo lidali lokhalo la Aaborijini. Bambo ake ankameta nkhosa. Mwini wake amafotokoza kuti ali mwana ankathawira kunsi kwa bedi akaona galimoto yachilendo, poopa kutengedwa. Tenisi adayamba ndi kathabwa, kumenyetsa mpira pakhoma. Tsiku lina mkulu wina, Bill Kurtzman, adamuona akusuzumira pampanda wa bwalo la tenisi n'kumuitana kuti alowe. Anthu a m'tauniyo adasonkha ndalama zomuthandizira. Mu 1971, ali ndi zaka 19, adatenga chikho cha Wimbledon, n'kudzachitenganso mu 1980 ali mayi wa mwana.

Tikaiunika nkhaniyi tipeza zinthu zitatu zomwe zidakumana. Bwalo lidali pafupi ndi kwawo, munthu wamkulu adatsekula chipata, ndipo mudzi udapisa m'thumba. Pakadasowa chimodzi mwa zitatuzi, dziko silikadamumva. Tipezanso kuti mwayiwo udali ndi mtengo wake. Mtsikanayu adachoka kwa makolo ake ali ndi zaka pafupifupi 14 kukakhala ku Sydney, mtunda wa makilomita oposa 500, m'nyumba ya kochi wake yemwe adasanduka womulera komanso wosunga ndalama zake. Kuti atchuke adayenera kuyamba wasiya kwawo.

Ambiri a ife amene tidali titazindikira mu 2000 tidamvako dzina la Cathy Freeman. Ndiye adayatsa moto wotsekulira masewero a Olympics ku Sydney, ndipo pa 25 Sepitembala chaka chimenecho adapambana liwiro la mamita 400 m'masekondi 49.11, anthu oposa 110,000 akuchemerera m'bwalo. Pozungulira bwalo adanyamula mbendera ziwiri, ya Australia ndi ya Aaborijini. Agogo ake aakazi adali mmodzi wa ana olandidwa aja. Ku mpira wa chi Australia nakonso, womwe amasewera anthu 18 mbali iliyonse ndi mpira wangati dzira, kuumenya ndi mwendo n'kuuwakha ndi manja, kwa zaka zambiri pafupifupi wosewera mmodzi mwa khumi alionse mu ligi yaikulu ya AFL wakhala mwana wa eni nthaka.

Munthu woonera patali akhoza kuganiza kuti zonse zili bwino. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'dziko lomwelo Mwaborijini amamwalira msanga ndi zaka pafupifupi 8 poyerekeza ndi anzake, ndipo mwa ana omwe ali m'ndende za ana, oposa theka ndi a eni nthaka. M'midzi yakutali m'chipululu, ana ambiri amajomba kusukulu masiku ochuluka. Choncho powerenga phindu la masewero tiyambire kwa ana amene sadzaoneka pakanema, chifukwa ndiwo ambiri. Tikawayang'ana iwowo, zomwe zathandiza kumeneko zimaoneka bwino lomwe.

Choyamba, masewero amene akhalitsa ndi amene ali m'manja mwa eni mudzi. Mu 1971 anyamata a Chiaborijini omwe ankakhala ku Sydney adaona kuti abale awo akumidzi, ngakhale adali ndi luso la rugby, sankaonedwa ndi matimu akuluakulu. Adayambitsa mpikisano wawowawo wachipulumutso, wotchedwa Koori Knockout, ndi matimu asanu ndi awiri. Lero umasonkhanitsa matimu oposa 100, a amuna, a amayi ndi a ana, kumayambiriro kwa Okutobala chaka chilichonse. Lamulo lake ndi lakuti timu yomwe yapambana ndiyo imakonza mpikisano wa chaka chotsatira. Motero chikhocho chimayenda ndi udindo, ndipo m'madera ambiri mwatuluka anthu odziwa kusunga ndalama, kulandira alendo ndi kuyendetsa misonkhano. Mabanja omwe adabalalitsidwa amakumananso pomwepo.

Ku Shepparton, m'chigawo cha Victoria, anthu a mtundu wa Yorta Yorta motsogozedwa ndi Paul Briggs adalimbana zaka zambiri kuti kalabu yawo ilandiridwe mu ligi ya m'deralo. Kalabu ya Rumbalara idaloledwa mu 1997. Dzina lake lomwe limatchula mipira iwiri, wa anyamata ndi wamanja, kusonyeza kuti mlongo ndi mchimwene amapita kubwalo limodzi tsiku limodzi, amayi ndi agogo ali pomwepo. Pa zilumba za Tiwi, makilomita 80 kumpoto kwa Darwin, mpira adabwera nawo ndi mmishonale wa Chikatolika, Brother John Pye, mu 1941, koma eni zilumba adautenga kukhala wawo. Anthu ake ndi pafupifupi 2,500 okha, koma ali ndi ligi yawo, ndipo amuna atatu ochokera m'mabanja a kumeneko, Maurice Rioli mu 1982, Michael Long mu 1993 ndi Cyril Rioli mu 2015, adasankhidwa kukhala osewera bwino koposa pa ndime yomaliza ya ligi yaikulu.

Nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Yuendumu, mudzi wa anthu a mtundu wa Warlpiri, makilomita pafupifupi 300 kuchoka ku Alice Springs, ngati mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, achinyamata pafupifupi 70 m'mudzimo ankanunkhiza petulo kuti aledzere, chizolowezi chomwe chimaononga bongo. Akuluakulu a m'mudzimo, kuphatikizapo mayi Peggy Nampijinpa Brown ndi bambo Johnny Japangardi Miller, adayamba kutenga anawo kupita nawo ku Mt Theo, malo a makolo awo kutchire, mtunda wa makilomita 160. Kumeneko ankawalera, kuwaphunzitsa kusaka ndi miyambo, mpaka mitu itakhazikika. Poyamba ankagwiritsa ntchito ndalama zawo.

Koma akuluakuluwo adadziwa kuti mwana akabwerera m'mudzi momwe mulibe chochita dzuwa likalowa, abwereranso kuchitini chake cha petulo. Ndiye m'mudzimo adakonza zochita za madzulo ndi usiku: basketball, mpira, magule ndi kanema. Achinyamata omwe adachira ndiwo adayamba kuyendetsa zimenezi, kuyang'anira ang'ono awo. M'zaka zochepa chizolowezicho chidatheratu ku Yuendumu, ndipo boma lidadzapereka mendulo zaulemu kwa omwe adayambitsa ntchitoyi. Boma ndi mabungwe adabwera pambuyo, kudzathirira chomwe eni ake adali atadzala kale. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mutu wometedwawo uli ndi mwini wake.

Chachiwiri ndi munthu wamkulu wopezeka tsiku ndi tsiku. Gerard Neesham adali mphunzitsi asanakhale kochi wa timu ya Fremantle mu ligi ya AFL. Ntchito yaukochi itatha, adakaphunzitsako pa sukulu ya Clontarf Aboriginal College ku Perth, komwe adaona anyamata omwe sukulu idawakanika koma mpira ankaukonda. Mu 2000 adayambitsa Clontarf Foundation ndi anyamata 25. Lero bungweli lili ndi anyamata oposa 10,000 m'sukulu zoposa 100. Ndalama zake zimachokera mbali zitatu: boma lalikulu, maboma a zigawo ndi makampani, kotero kuti mbali imodzi ikatopa ntchito siimiratu.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Pasukulu pamakhala chipinda cha anyamatawo ndi amuna olembedwa ntchito yokhazikika, omwe sagwira choko ndipo salemba mayeso. M'mamawa amayenda ndi kabasi kutola anyamata m'makomo, amachita nawo masewero olimbitsa thupi, amadya nawo chakudya cham'mawa, kenako amawalowetsa m'kalasi. Mnyamata akajomba amakamufuna kwawo. Wofuna kupita nawo kumpikisano kapena paulendo ayenera kumapezeka m'kalasi ndi kusunga mwambo. Akamaliza sukulu amamuthandiza kupeza ntchito kapena maphunziro a ntchito zamanja. Eni bungweli amanena poyera kuti cholinga chawo n'chakuti mwana amalize sukulu, mpirawo ndi nyambo chabe. Mukaona bwino, ndalama zambiri pamenepa zikulipira anthu, mafuta a galimoto ndi chakudya. Mipira ndi majezi ndi kagawo kakang'ono.

Monga mphunzitsi, ndili ndi chodandaula pa lamulo lakuti wojomba asasewere. Limagwira bwino kwa mwana amene akujomba chifukwa cha ulesi kapena anzake. Nanga amene wajomba chifukwa kunyumba kuli matenda, kapena wapita kumaliro omwe pa mwambo wa Aaborijini amatha kutenga masabata, kapena wagona ndi njala? Mukamuthamangitsa kubwalo mwadula chingwe chomaliza chomwe chimamumangirira kusukulu. Lamulo lotere limafuna munthu wodziwa khomo la mwana aliyense, amene angasiyanitse waulesi ndi wovutika. Likagwera m'manja mwa munthu wongoyang'ana kaundula, limalanga ana omwe akufunika thandizo koposa. N'chifukwa chake wogwira ntchitoyi akakhala wa m'mudzi momwemo, kapena wokhalitsa m'menemo, zinthu zimayenda bwino.

Chachitatu ndi malo osewerera ndi munthu wowasamala. Cha m'ma 2000 boma la chigawo cha Western Australia lidamanga maiwe osambiramo m'midzi itatu yakutali: Burringurrah, Jigalong ndi Mugarinya. Padziwe lililonse padaikidwa woyang'anira wokhala m'mudzi momwemo, ndipo mwana ankaloledwa kusambira akapita kusukulu. Madokotala adayeza ana m'midzi iwiri maiwewo asanatsekulidwe ndi pambuyo pake. Zomwe adapeza, zosindikizidwa mu 2003 m'magazini ya British Medical Journal, zidaonetsa kuti ana a zilonda zapakhungu adatsika kuchoka pa oposa 60 kufika pafupifupi 20 mwa 100 alionse, ndipo matenda a m'makutu adachepanso. Kwa ife aphunzitsi, za makutuzi ndi nkhani yaikulu. Mwana wotuluka mafinya m'khutu samva bwino zomwe tikuphunzitsa, ndipo posakhalitsa timamutcha mbuli.

Dziwe lotere limafuna madzi, mankhwala, magetsi ndi malipiro a woyang'anira chaka ndi chaka. Tsiku lodula riboni ndi limodzi, masiku okonza pampu ndi ambiri. Bwalo la mpira n'chimodzimodzi. Mudzi wa Santa Teresa, makilomita 80 kuchoka ku Alice Springs, udasewera pafumbi lofiira ndi timiyala kwa mibadwo, mpaka 2021 pomwe bwalo lawo lidadzalidwa kapinga mothandizana ndi kalabu ya Melbourne. Matimu ambiri a m'midzi ya m'chipululumo akhala akuyenda makilomita mazanamazana kukasewera ku Alice Springs. Mu 2023 khonsolo ya tauniyo idakaniza ligi ya matimu akumidzi kugwiritsa ntchito mabwalo ake, ati chifukwa cha zipolowe za m'tauni. Wosewera pabwalo la eni amadikira kuti mwini wake adzuke bwino.

Chachinayi, tiwerengenso atsikana. Taonani kuti Clontarf ya anyamata idayamba mu 2000, pomwe Stars Foundation, yomwe imagwira ntchito yofananayo pakati pa atsikana a eni nthaka, idayamba mu 2015. Zaka 15 zimenezo ndi mbadwo wathunthu wa ana asukulu. Mpira wamanja, womwe ife Amalawi timaudziwa bwino, ukuonetsa chilemachi poyera. Australia ndi chimphona cha dziko lonse pa masewerowa, koma timu yawo ya Diamonds m'zaka zoposa 80 idali itavekapo yunifolomu eni nthaka awiri okha, Marcia Ella-Duncan ndi Sharon Finnan-White, kufikira Donnell Wallam atalowa mu 2022. Pa gemu yake yoyamba, yolimbana ndi England, Wallam ndiye adaponya chigoli chopambanira kutatsala masekondi ochepa.

Mu 2020, chaka chomwe Mwawi Kumwenda wathu adatenga chikho cha ligi ya Super Netball ndi timu ya Melbourne Vixens, mu ligi yonseyo mudali wosewera mmodzi yekha wa eni nthaka, Jemma Mi Mi wa Queensland Firebirds. Pa sabata yomwe ligiyo idapatula kuti ilemekeze eni nthaka, nkhope yake idali paliponse poitanira anthu, madiresi adali ojambulidwa zachikhalidwe, koma gemu idatha iye ali pabenchi osaponda m'bwalo. Anthu adakwiya, ndipo akuluakulu a masewerowa adavomera kuti njira yochokera kumidzi kufika pamwamba idali yotsekeka kwa atsikana otere. Kulemekeza anthu pansalu n'kotchipa. Kulipirira mtsikana wakumudzi ulendo, nsapato ndi pogona kuti akayesedwe kumzinda ndiko kumafuna kupisa m'thumba.

Chachisanu ndi pakamwa pa ochemerera. Pa 17 Epulo 1993, Nicky Winmar wa timu ya St Kilda, atatukwanidwa gemu yonse chifukwa cha khungu lake, adatembenukira ochemerera a Collingwood, n'kukweza jezi yake, kuloza khungu lake. Chithunzi chimenecho chidagwedeza dziko. Mu 1995 Michael Long adakasuma mnzake womutukwana m'bwalo, ndipo chaka chomwecho AFL idakhazikitsa lamulo lolanga kunyoza munthu chifukwa cha mtundu wake. Komabe lamulo silitseka pakamwa pa khamu. Adam Goodes, katswiri wa Sydney Swans amene adasewera magemu 372, adaloza mtsikana wina womutcha nyani mu 2013, napempha kuti mwanayo asalangidwe chifukwa adangotola mawu kwa akuluakulu. Kuyambira pamenepo makamu ankamukuwiza bwalo ndi bwalo mpaka adapuma mu 2015. AFL ndi makalabu ake onse 18 adamupepesa mu 2019, zaka zinayi atachoka.

Ganizirani mwana wa zaka 10 woonera zimenezi pakanema kumudzi kwawo. Ngati munthu wotchuka chotero akuchitidwa chipongwe popanda womutchinjiriza, iye adzatani? Makolo nawo amaona, ndipo ena amangoti mwana akhale pakhomo. Choncho woimbira gemu amene amaimitsa masewero akamva mwano wotere, ndi kochi amene amatulutsa wosewera wake wabwino chifukwa chotukwana mnzake, akuthandiza ana kulowa m'masewero mofanana ndi wogula mipira.

Chachisanu ndi chimodzi ndi njira yobwererera kumudzi. Robert de Castella, yemwe adakhalapo katswiri wa dziko lonse pa liwiro la mtunda wautali la makilomita 42, adayambitsa Indigenous Marathon Project. Mu 2010 anyamata anayi oyamba adathamanga mpikisano wa ku New York n'kumaliza, woyamba mwa iwo ali Charlie Maher wa ku Alice Springs. Chaka chilichonse amasankha kagulu ka anyamata ndi atsikana, ambiri oti sadathamangepo mtunda wotere, n'kuwakonzekeretsa miyezi ingapo ali kwawo, uku akuchita maphunziro a zaumoyo ndi masewero. Akabwerako ambiri amayambitsa timagulu tothamanga m'midzi mwawo. Omaliza apitirira 100. Palibe wa iwo amene adapambana mpikisano wa New York, ndipo sichidali cholinga. Mudzi uliwonse udapeza munthu wake amene ana angamutsatire m'mamawa pamsewu wafumbi.

Pa zonsezi tisanamizane kuti mpira ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Kununkhiza petulo kudachepa m'chipululu chonse cha pakati pa Australia pomwe, kuyambira 2005, m'midzimo mudayamba kugulitsidwa petulo wa mtundu wa Opal, wosaledzeretsa akanunkhizidwa. Pamenepo padafunika boma ndi kampani ya mafuta. Bwalo silimanga nyumba ya banja lomwe likugona anthu 15 m'zipinda zitatu, ndipo silibweza malo olandidwa. Chomwe masewero amachita ndi kusonkhanitsa ana pamalo amodzi, nthawi yodziwika, pamaso pa munthu wamkulu amene amawadziwa maina. Namwino, mphunzitsi ndi mlangizi akafuna kuwapeza, amawapeza pomwepo. Akapanda kubwera, anawo asewera, atuluka thukuta, n'kubwerera ku mavuto omwe aja.

Tsono tibwere kwathu. Mbiri yathu ndi ya Aaborijini n'zosiyana, ndipo sindikufuna kuziphatikiza. Koma mwana wa kumudzi wakutali, amene aphunzitsi a matimu akuluakulu samufika, timamudziwa. Mwawi adachokera kumudzi ku Mzimba, komwe adayamba ndi mpira wamapepala. Tabitha ndi Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, ndipo Temwa mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera bwino koposa. Timawanyadira, ndipo n'koyenera. Koma pa aliyense wa iwo pali atsikana angati amene adaima pampanda, wowaitana osapezeka, lero ali pabanja asanakwane zaka 18?

Njira yomwe tidazolowera ife ndi ya chikho cha tsiku limodzi. Chisankho chikayandikira, kapena bungwe likafuna zithunzi za lipoti lake, kumabwera galimoto ndi zimkuzamawu, majezi olembedwa dzina la wopereka, mipira iwiri ndi envulopu ya opambana. Akulu ampikisanowo amakhala anyamata a ndevu, ana asukulu ali kunja kwa mzere kutola mipira. Pakatha mwezi mpira waphulika, majezi ali kunyumba kwa kaputeni, ndipo atsikana adangopatsidwa theka la zomwe adalandira anyamata. M'sekondale zoyendera ngati yomwe ndimaphunzitsa, mphunzitsi wa zamasewero amagwira ntchitoyi mongodzipereka pamwamba pa maphunziro ake, ndipo gemu yakutali imatheka pokhapokha ana atasonkha ya matola. Amene alibe amatsala, ngakhale akhale womwetsa zigoli.

Zomwe taona ku Australia zikutiuza poika ndalama zochepa zomwe tili nazo. Wofuna kuthandiza ayambe wakhala pansi ndi mafumu, komiti ya sukulu, gulu la amayi oyang'anira atsikana ndi ana eni ake, awafunse masewero omwe akufuna ndi nthawi yomwe angathe, poganizira za kumunda ndi kumjigo. Ndalama ya chikho chimodzi chachikulu aigawe kuti ifike chaka chonse: kangachepe ka mwezi ndi mwezi kwa mnyamata ndi mtsikana wa m'mudzimo ophunzitsa ana, mayendedwe a magemu akutali, ndi phala la ana akatha kusewera. Bwalo la mpira wamanja lilandire zofanana ndi la mpira wamiyendo, ndipo atsikana akamayenda pazikhala mayi wowaperekeza. Timu yopambana chaka chino ikonze mpikisano wa chaka chamawa, monga amachitira a Koori Knockout, kuti luso loyendetsa zinthu litsale m'mudzi.

Ndipo mafumu athu ateteze mabwalo. M'madera ambiri bwalo la sukulu likudyedwa pang'onopang'ono, uku mzere wa chimanga, uku maziko a golosale, mpaka ngodya yomenyera kona yasanduka munda wa munthu. Malo amenewo akapita sabwerera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Bill Kurtzman sadali kochi wotchuka kapena mwini chuma. Adangoona mwana wa mnzake pampanda n'kumuitana. Lachitatu likubwerali masana, ana akamasewera pasukulu ya kwanuko, pitani mukaime nawo, muone amene ali kunja kwa mzere, ndipo mumufunse chomwe chikumuletsa kulowa.